Sabata Imene Apongozi Anagonja pa Nkhonya

Apongozi anga aakazi anatayipa makalata kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi mu ofesi ya maloya awiri amene sankalankhulana. Loya wina akafuna kuuza mnzake kanthu ankaitana apongozi, iwo n'kutayipa, n'kukaika pepalalo pa tebulo la winayo, m'chipinda chomwecho. Yankho linkayenda njira yomweyo. Pa zaka zonsezo sanalakwitsepo dzina la munthu, ndiponso sanasekepo pa ntchito. Amati m'kalata yowalemba ntchito munalibe mawu oti azisekanso.

Atapuma anatsegula kashopu m'mbali mwa msewu, pakati pa wosoka nsapato ndi sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto. M'kashopumo muli makina a fotokope, kompyuta imodzi, mipando itatu yosafanana, ndi taipilaita yakale ija, imene anawapatsa potsanzikana nawo maloya aja atalephera kugwirizana za mphatso ina. Anthu amabwera kudzalembetsa makalata ofunsira ntchito, odandaula, ndi ena opepesa. Munthu akanena mawu amene apongozi sakugwirizana nawo, samutsutsa. Amangoimitsa zala m'mwamba n'kumudikira mpaka asinthe yekha.

Za nkhonya zinabwera mwangozi. Mlamu wanga, mwana wawo womaliza, atapeza ntchito kutali anasiya makina ake a gemu pansi pa bedi, pamodzi ndi chimbale chimodzi. Inali gemu ija anthu awiri amasankha aliyense womenya wake pa tivi, n'kumathidzimulana mpaka wina atagona chagada. Apongozi anazinyamula kupita nazo kushopu, n'kumata pepala pachitseko loti zikugulitsidwa.

Woyamba kubwera anali a Giya, mphunzitsi wa galimoto wa khomo loyandikana. Dzinali anawapatsa ndi ophunzira awo, chifukwa mawu oti "sinthani giya" sachoka pakamwa pawo. Amawanena ngakhale kwa munthu woyenda pansi. A Giya anati sangagule chinthu osachiyesa.

"Yesani," anatero apongozi.

"Imafunika anthu awiri."

M'shopumo munalibe wina. Apongozi anavala magalasi, n'kutenga kabuku ka malangizo kamene kanali m'bokosi, n'kukawerenga konse kuyambira pachikuto mpaka pa dzina la osindikiza. Kenako anatenga padi, kachipangizo ka mabatani kaja osewera amakagwira m'manja, koma iwo sanakagwire m'manja. Anakaika pa tebulo, n'kuyalapo zala zonse ngati akuyamba kalata. Pa mphindi imodzi womenya wa a Giya anali pansi.

"Padi yanga ndi yakufa," anatero a Giya.

Anasinthana. Womenya wa a Giya anagwanso, ulendo uno mofulumirapo.

"Ndiye mugula?"

"Ndikaganize kaye."

Anaganiza kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Tsiku lililonse la ntchito, hafu pasiti thwelofu ikakwana, a Giya ankaimika galimoto, n'kulowa, n'kukhala pa mpando wapakati, n'kumenyedwa mpaka kota pasiti wani. Nthawiyo ikakwana apongozi ankazimitsa tivi, n'kuifunditsa nsalu, n'kufunsa amene ali pa mzere kuti kalata yake ikupita kwa ndani. Pepala la pachitseko lija linachoka lokha ndi mvula.

Mwa omenya onse a m'gemumo, apongozi ankasankha mmodzi yekha, mkulu wina wadazi, wamfupi, wa manja afupiafupi, woyenda ngati wavala nsapato za eni. Palibe wina ankamufuna. Tonse tinkangomutcha Wadazi. Anali ndi kamenyedwe kena kofuna kudina mabatani asanu ndi awiri motsatizana popanda kupuma, ndipo akakugwira nako unkauluka mpaka kumapeto kwa tivi. Apongozi ankakachita uku akuyankha kasitomala mtengo wa fotokope.

Ine ntchito yanga ndi yokonza mafiriji. Nditangokwatira mwana wawo wamkazi, tsiku lina ndinapita kushopuko kukaona fani imene inkalira, ndipo ndinangoona akundikankhira padi. Ndinali nditamva kale mbiri yawo, komabe mumtima ndinati munthu sungamenye apongozi ako pamaso pa anthu, ndiwalekerere apambane. Ulemu umenewu sindinapeze mpata wouonetsa. Pamene ndinkafufuza batani lodumphira, zinali zitatha.

"Mwachita bwino, bambo," anatero. "Fani ija ili uko."

Mbiri inafalikira. Ometa tsitsi amene amaika magemu m'mashopu mwawo, eni zipinda zoseweretsa magemu, ngakhale madalaivala a mataxi, onse anabwerapo kudzayesa mwayi, n'kubwerera atagonja. Kenako anayamba kubwera kudzafunsa nzeru: padi yanji imalimba, tivi yanji sichedwetsa chithunzi. Apongozi akanena kuti chinthu n'chabwino, mumsewu monse chinkagulidwa. Akakhala chete, chinkachita fumbi pa shelefu.

Amene ankadziwa bwino zimenezi anali Zafika, bambo wa zaka zoposa makumi anayi wogulitsa mafoni ndi magemu pakona ya msewu. Ukamufunsa chilichonse amati "zafika", ngakhale zisanafike. Lolemba lina m'mawa analowa m'shopu mwa apongozi atanyamula bokosi lalikulu, a Giya ali pambuyo pake ngati mboni. Ine ndinalipo, ndinkasintha soketi.

"Amayi, yatuluka yatsopano," anatero Zafika. "Gemu yomweyi, koma yotsatira yake. Ndikubwerekani sabata imodzi. Loweruka mungonena mawu amodzi, kuti anthu agule kapena asagule."

"Yakaleyi yalakwa chiyani?"

"Sinalakwe. Yangokalamba."

Apongozi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Zafika anakonza kolala.

"Ndikutanthauza gemuyo, amayi."

Anafotokozanso kuti yatsopanoyo siyilowa m'makina akale, imafuna makina akeake, ndiwo anali m'bokosimo. Atatchula mtengo wa zonse pamodzi, apongozi anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti pa ndalama imeneyo munthu angapeze firiji yotani. Ndinati ya zitseko ziwiri. Anagwedeza mutu n'kuuza Zafika kuti alumikize.

A Giya ndiwo anali ndi changu kuposa wogulitsa. Anandinong'oneza kuti gemu yatsopano ndi msewu watsopano, aliyense amayambira giya wani.

Tsiku limenelo sitinasewere. Makinawo atayaka analemba kuti ayenera kukatenga kaye zina pa intaneti. Pa tivi panabwera kamzere kodzaza pang'onopang'ono. Nthawi ya nkhomaliro tinakhala anthu anayi akuluakulu, aliyense wokhala ndi banja lake kunyumba, tikuyang'ana kamzere. Pofika kota pasiti wani kanali kasanafike ndi pakati pomwe. Apongozi anatenga nsalu n'kufunditsa tivi ili chiyakire, n'kulemba kena kake m'kabuku kawo ka chikuto chakuda.

Lachiwiri gemu inatseguka. Kunena zoona, chithunzi chake chinali chokongola. Thukuta la omenya linkaoneka dontho lililonse, tsitsi likuuluka, ndipo wina akagwa pansi fumbi linkakwera ngati lenileni, moti wosoka nsapato, amene anasuzumira pakhomo, anatsokomola. Apongozi anayenda pa nkhope za omenya onse, kuchoka kumanzere kufika kumanja, n'kubwereranso.

"Wadazi ali kuti?"

Zafika anakanda kumutu. "Mu nkhani yake ya gemuyi, amayi, mkulu ujayu anamwalira. Anagwa kuphiri."

"Pepani," anatero a Giya, nkhope ikuwala.

"Koma musadandaule," anapitiriza Zafika. "Pakatha miyezi itatu adzamutulutsa, muzidzamugula payekha."

"Ndiye anamwalira kapena akugulitsidwa?"

"Zonse ziwiri, amayi."

Apongozi analembanso m'kabuku. Zafika anawaonetsa mtsikana wina amene anati ndi mdzukulu wa Wadazi, ndipo kamenyedwe kake n'kofananako. Mtsikanayo anali atavala nsapato za gogoda ndi nsalu yosakwana kupukutira magalasi, ataima pa chipale chofewa. Apongozi anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Maliro a agogo ake anapita atavala chonchi?"

Anamusankhabe, poti panalibe wina wa ku banjako.

Apa m'pamene Zafika anaulula chinthu chachikulu cha gemu yatsopanoyo. Inali ndi njira ziwiri zoseweretsera. Yakale, yodina mabatani ambiri motsatizana, inalipo. Koma panalinso yophweka, yoti ukadina batani limodzi lokha womenya wako amachita yekha zonse zija zofuna mabatani asanu ndi awiri. Anati anaikamo kuti aliyense azitha.

"Aliyense," anabwereza a Giya, n'kusankha yophwekayo.

Apongozi anasankha yakale. Anayala zala. Chigawo choyamba anapambana, koma movutikira. Chachiwiri a Giya anangokhalira kudina batani limodzi lija ngati akuliza hutala, ndipo mdzukulu wa Wadazi anagwa. Chachitatu, pamene onse anatsala ndi mphamvu pang'ono, ndinaona zala za apongozi zikuyamba mndandanda wawo uja. Pa batani lachisanu chala chinachedwa. Mtsikana uja anamenya mphepo, a Giya n'kudina batani lawo, basi.

Makina a fotokope okha ndiwo ankang'ung'udza. A Giya anayang'ana tivi, n'kuyang'ana padi, n'kuitembenuza kuona kunsi kwake. Zaka zonsezi ankanena zimene adzachite tsiku limeneli, kuti adzayenda msewu wonse akuliza hutala, adzagulira aliyense zakumwa. Koma anangoimirira, n'kubweza mpando pamalo pake.

"Mwapambana, a Giya," anatero apongozi.

"Zikomo, mayi. Mwina padi yanu ndi yakufa."

"Ili bwino."

A Giya anatuluka, n'kukakhala m'galimoto mawindo ali otseka. Wophunzira wawo wa thu koloko anandiuza pambuyo pake kuti masana onsewo anayenda pa giya wani, aphunzitsi osanena kanthu.

Lachitatu a Giya anapambananso kawiri, apongozi katatu. Nkhani inali itamveka kale, ndipo pakhomo panadzaza anthu. Ine sindinkayang'ana tivi. Ndinkayang'ana manja. Atamaliza, apongozi ananyamula kapu ya tiyi ndi manja awiri, ngati mmene amachitira mwana. Atafuna kutsegula botolo la guluu anapatsa kasitomala kuti awatsegulire, akunamizira kusaka lumo.

Madzulo ake ndinafunsa mkazi wanga tikutsuka mbale.

"Ndi nyamakazi," anatero. "Chaka chatha tsopano. M'mawa zala siziwongoka mpaka aziviike m'madzi otentha."

"Bwanji sunandiuze?"

"Anandiuza kuti ndikauza munthu adzanditayipira kalata."

"Nanga pa gemu yakale ija ankatha bwanji?"

"Wadazi amachedwa. Amawadikira. Kamtsikana aka n'kothamanga."

Ndinafunsa ngati anapitako kuchipatala. Anati anapita, anawapatsa mapiritsi ndi mafuta opaka, n'kuwauza kuti achepetse kutayipa. Iwo anafunsa adokotala ngati nawonso angachepetse udokotala.

Lachinayi Zafika anati tisanaweruze tione chinthu china. Gemu yatsopanoyo unkatha kumenyana ndi anthu a kutali pa intaneti, anthu osawadziwa, ongooneka dzina. A Giya anali atapita ndi ophunzira ku mayeso, ndiye apongozi anavomera. Makina anawapezera munthu wina amene dzina lake linali zilembo ziwiri ndi manambala anayi, ngati nambala ya galimoto.

Munthu ameneyo anawamenya apongozi kakhumi ndi kamodzi. Sikunali kumenya kwa a Giya kongodina batani limodzi. Ameneyu ankadziwa. Ankadikira, n'kutchinga, n'kubwezera pamene pakufunika. Akawagwetsa, womenya wake ankaima pambali pa mtsikana uja n'kumanjuta, kudzuka, kunjuta, kudzuka, mofulumira.

"Akupepesa?" anafunsa apongozi.

"Ayi, amayi," anatero Zafika. "Akutukwana."

"Ali ndi zaka zingati?"

"Sitingadziwe. Mwina khumi, mwina makumi asanu."

Apongozi anakopera dzina lija m'kabuku mosamala, n'kuliwerenganso kuti aone ngati manambala ali bwino. Ndinkayembekeza kuti akwiya. Koma nkhope yawo inali ina, yoti sindinaionepo. Anakhala kutsogolo kwa mpando, msana utawongoka, maso ali gwa. Pa ulendo wachisanu ndi chinayi anatenga chigawo chimodzi, ndipo ndinamva akutulutsa kampweya m'mphuno. Mkazi wanga akuti kumeneko ndiko kuseka kwawo. Kota pasiti wani inakwana, n'kudutsa. Mayi wina amene anabwera ndi satifiketi ya mwana wake anadikira mphindi makumi awiri, ndipo apongozi atazindikira anamuchitira fotokope yaulere, chinthu chimene wosoka nsapato akuti chinali chisanachitikepo.

Lachisanu cha m'ma fili koloko ndinadutsira kushopu kukatenga sikuludiraiva imene ndinaiwala. Chitseko cha kumsewu chinali chotseka, pali pepala loti abwera posachedwa. Ndinazungulira kuseri, poti kiyi wa kumeneko ndili naye. Nditalowa ndinapeza apongozi ali mommo, makatani otseka, tivi ikuyaka mawu atachepetsa. Padi sinali pa tebulo. Anaigwira m'manja ngati wina aliyense, ndipo pakona ya tivi panali kachizindikiro ka njira yophweka ija.

Anaimitsa gemu. Sanatembenuke.

"Mwaona chiyani, bambo?"

"Ndabwerera sikuludiraiva, amayi."

"Ili pawindo. Khalani pansi."

Ndinakhala. Anaika padi pamiyendo n'kutambasula manja awo patsogolo panga. Mfundo za zala zinali zotupa, chala cha mkombaphala cha kumanja chitapindikira kumbali.

"Zala izi zinaphunzitsa ana anayi," anatero. "Bambo awo atamwalira, womaliza anali asanayambe kuyenda. Ndinkatayipa mawu makumi asanu ndi atatu pa mphindi. Lero zikulephera mabatani seveni."

Ndinati mwina kukazizira n'kumene zimavuta.

"Kunja kukutentha," anatero.

Kenako anati chimene chinkawapweteka si kugonja. Kugonja anali atakuiwala kukoma kwake, ndipo wa manambala uja anawakumbutsa. Chowapweteka chinali chakuti chinthu chimene anachiphunzira miyezi inayi, masana aliwonse, munthu wina ku ofesi ina anangochiika pa batani limodzi n'kupita kukadya nkhomaliro.

"Zinateronso ndi taipilaita," anatero. "Tinkaphunzira chaka chonse kuwongola mizere. Kompyuta itabwera, mwana aliyense ankawongola ndi chala chimodzi. Ndinakwiya miyezi itatu. Kenako ndinagula kompyuta."

"Ndiye batani limodzili mwaliona bwanji?"

"Limamenya mofooka. Anachepetsa mphamvu yake dala, ndayeza. Ndiponso silikuuza nthawi yodina. A Giya amadina nthawi iliyonse, ngati mmene amalizira hutala. Munthu wodziwa kudikira angawamalize ndi batani lomwelo." Anandikankhira padi inayo. "Tayesani. Ndipo musandilekerere."

Sindinawalekerere. Ndinasankha chimphona china chonyamula unyolo, ndinadina zonse zimene ndinkadziwa, ndipo ndinagwa kasanu motsatizana. Atamaliza anapinda zala n'kuziwongola kangapo.

"Sizikuwawa," anatero, ngati akuwerenga risiti. Kenako anatsegula makatani n'kukachotsa pepala pachitseko.

Loweruka m'mawa anthu anayamba kusonkhana shopu isanatsegulidwe: ometa tsitsi awiri, mwini chipinda cha magemu wa kuseri kwa msika, madalaivala angapo, Zafika atavala shati yoyera, ndi a Giya. Apongozi anafika eyiti koloko yeniyeni. Analowa, ndipo tinamva taipilaita yakale ija ikulira, pang'onopang'ono kusiyana ndi kale, koma osaima. Patapita mphindi khumi ndi zisanu anatuluka n'kumata pepala pachitseko. Wometa wina analiwerenga mokweza.

Pamwamba panali tsiku, ndi mawu oti "Kwa onse amene akufunsa". Pansi pake analemba kuti gemu yatsopanoyo ndi yabwino, ndipo amene anaipanga anagwira ntchito. Chithunzi n'chokongola, koma pakatha masiku awiri munthu umasiya kuona thukuta n'kumangoona nkhonya, ngati kale. Tsiku loyamba lonse limathera kudikira. Omenya ena anawachotsa kuti adzawagulitse paokha, ndipo khalidwe limeneli iwo sakugwirizana nalo. Atsikana a m'gemumo akufunika majuzi.

Kenako panali ndime iyi, imene ndinaikopera: "Ngati muli ndi yakale, ikugwira ntchito, ndipo muli ndi munthu pafupi amene amakugonjetsani nthawi zina, musagule. Mudikire mtengo utsike. Ngati muli ndi shopu yoseweretsa anthu, gulani imodzi, chifukwa osadziwa azipambanako ndipo azibweranso. Ngati manja anu ayamba kukukanani, monga anga, batani limodzi lija si lamanyazi. Ndaliyesa."

Wometa uja atafika pamenepo anatsitsa mawu. Anthu anayang'ana pansi, ena kumsewu. Apongozi anali pakhomo, manja ali kumbuyo.

"Pitirizani," anatero. "Yatsala ndime imodzi."

Ndime yomaliza inali yaifupi. Inati iwo eni sagula, chifukwa makina a fotokope akufuna kukonzedwa, ndipo ndi amene amawadyetsa. Pansi panali siginecha.

Zafika anadandaula kuti anapempha mawu amodzi, wapatsidwa tsamba lonse. Apongozi anati tsamba lonselo sanamulipiritse. Komabe ometa awiri aja ndi mwini chipinda cha magemu anamukokera pambali, ndipo pofika masana nkhope yake inali itabwerera mwakale.

Bokosi lija silinabwerere kukona. A Giya analigula pomwepo, lonse, makina ndi gemu. Ndinawakumbutsa kuti kalata ija inati munthu wokhala ndi womugonjetsa pafupi asagule.

"Inati womugonjetsa nthawi zina," anatero a Giya. "Ine ndi nthawi zonse. Ndime imeneyo sikundikhudza."

Analinyamula kupita nalo kwawo, ndipo sabata yotsatira anaitana apongozi kuti Loweruka masana akasewere kunyumba kwawoko, pabwalo lawo, pa mpando wawo. Ine ndinawaperekeza, poti ndine ndinkayendetsa. Nyumba ya a Giya ili ndi chipinda chochezera chaching'ono, makoma ake odzaza zikwangwani za pamsewu zophunzitsira, moti ukakhala pa sofa umayang'anizana ndi chikwangwani choletsa kuima. Akazi awo, mayi wamtali wosalankhulalankhula amene amasoka makatani pakhonde, anatilandira ndi tiyi.

Apongozi anasankha njira yophweka pamaso pa onse, osabisa. A Giya anasankhanso yomweyo. Anasewera maulendo khumi ndi awiri. A Giya anapambana woyamba, pamene apongozi ankazolowera sofa. Otsalawo sindinena, poti ndi anthu oti timaonana nawo tsiku ndi tsiku.

Akazi a a Giya anaonerera zonsezo ataima pakhomo la kukhitchini, thireyi ili m'manja. Mwamuna wawo atapita panja kukapuma mphepo, anaika thireyi pansi n'kukhala pa malo pawo.

"Mayi," anatero, "abambowa zaka sikisi chakudya chamasana chimazizira pa tebulo. Ndinkaganiza kuti kuli mkazi wina. Nditafufuza ndinamva kuti kuli mkazi winadi, koma amangowamenya. Ndiye ndinasiya."

"Pepani chifukwa cha chakudyacho," anatero apongozi.

"Palibe kanthu. Batani lake ndi liti?"

Apongozi anawaonetsa. Anawauza kuti asathamangire kudina, ayambe aphunzira kutchinga, ndipo aziyang'ana mapazi a mdani, osati manja. Mayiwo anamvetsera ngati akuuzidwa muyeso wa windo. Manja a munthu wosoka sachedwa kumva. Pamene a Giya ankabwerako panja, anapeza mpando wawo uli ndi mwini, ndipo anakhala pa sitolo.

Papita miyezi isanu tsopano. Makina a fotokope anakonzedwa. Kushopu gemu yakale ikadalipo, ndipo masiku amene zala zadzuka bwino apongozi amaiyatsa. Masiku ena tivi imakhala chifundire, ndipo palibe amene amafunsa. Makalata ataliatali anayamba kupatsa mkazi wanga kuti aziwatayipira madzulo akaweruka, iwo n'kumaima kumbuyo kwake kuloza zolakwika.

Loweruka lililonse masana ndimawatula kwa a Giya. Amayi awiriwo amakhala pa sofa, mapadi m'manja, osalankhulana kwenikweni. Akazi a a Giya anayamba kupambana mwezi wachitatu, ndipo pano pa maulendo khumi amatenga anayi. Akatopa kumenyana okhaokha amalowa pa intaneti n'kumasinthana padi, wina akumenya wina akulangiza. A Giya amapatsidwa mpata wawo cha m'ma foro koloko, amayiwo akamapumitsa manja. Nthawi yotsalayo amakhala kukhitchini. Tiyi amapanga wabwino ndithu, kungoti shuga amachulutsa.